Sienta yoyera imene inadya ndalama za nandolo

Kwa Nazombe ndalama imabwera ndi nyengo. Nandolo akauma cha mu Ogasiti ndi Seputembala, mavenda amapachika masikelo awo pa Chiringa ndi m'timisika ta m'mbali mwa msewu, ndipo munthu amene chaka chonse amayenda ndi makobili a mchere okha amapezeka wagwira mpukutu. Ena amagula malata, ena amalipira fizi ya ana, ndipo amene akhala akusunga kwa zaka amayamba kulota chiwongolero. Malotowo ine sindiwanyoza. Aliyense amene ananyamulapo mayi wodwala pa njinga ya kabaza usiku, kuthamangira naye ku chipatala cha Holy Family, akudziwa kuti kuno galimoto si yodzionetsera. Vuto ndi lakuti ogulitsa magalimoto m'tauni nawonso amaidziwa bwino nyengo ya nandolo.

Nkhaniyi ndi ya alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Dzina ndisunga, poti manyazi sanawathere.

Chinali chaka cha 2023, chaka chimene namondwe wa Freddy anatigwetsa pansi. Mu Malichi madzi, miyala ndi mitengo zinatsika m'mapiri a Mulanje ndi Michesi n'kukokolola midzi, minda ndi milatho, makamaka kwa anzathu a kwa Nkhulambe, moti akuluakulu ankangokumbutsana za Napolo wa mu 1991. Munda wa alamu uli pamtunda, unapulumuka. Atakolola anaphatikiza ndalama za nandolo ndi zimene anapeza atagulitsa njinga yamoto ndi mbuzi zingapo, achemwali n'kuwonjezera ngongole ya ku banki m'khonde. Cholinga chinali chomveka: kugula Toyota Sienta yoti izinyamula anthu pakati pa Chiringa ndi Migowi, masiku ena kufika ku boma.

Pa mtundu wa galimoto sanalakwitse. Sienta yakale ija, imene kampani ya Toyota inapanga kuyambira 2003 mpaka 2015, ili ndi mipando ya anthu asanu ndi awiri, ndipo injini yake ya malita 1.5, yotchedwa 1NZ, ndi yomweyo imene ili mu Probox zambiri ndi Corolla zina. Masipeya ake ali mbwee ku Limbe, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo anaiphwasulapo. Koma dzina la galimoto limangokuuzani kumene inabadwira. Silikuuzani amene anaiyendetsa, misewu imene yadutsa, ngakhale oyilo amene yakhala ikumwa. Ma Sienta awiri a chaka chimodzi, ofanana utoto, ina ikhoza kukutumikirani zaka zambiri, inzake n'kukuferani mwezi usanathe.

Zithunzi zinabwera pa WhatsApp kudzera kwa mnzake wa mphwawo. Galimoto yoyera mbee, matayala akuda bii, mtengo wotsikirapo poyerekeza ndi zinzake. Achemwali anati, "Bambo a kunyumba, bwanji mutengane ndi amakaniko a pa Migowi aja? Safunsa anadya phula." Alamu anayankha kuti kulipirira munthu thiransipoti ya ku Limbe, chakudya ndi tsiku lake ndi kutaya ndalama, pomwe iwo anayendetsapo thirakitala ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Anamanga ndalama m'chikwama n'kukwera minibasi okha. Amuna ambiri kwathu kuno timamva uphungu wa m'nyumba ngati phokoso la ziwiya, ndipo pambuyo pake ngongole timabweza ndi mayi yemweyo.

Anakumana ndi wogulitsa masana, pamalo otsukira magalimoto. Galimoto inali itangotsukidwa, ndi injini yomwe, ndipo inali yotentha chifukwa mnyamatayo anabwera akuyendetsa. M'kati munali fungo lamphamvu la perefyumu, mipando itavekedwa nsalu zatsopano, wailesi ikulira mokweza. "Achimwene, iyi musaikayikire," anatero mnyamatayo. "Yalowa pa Songwe chaka chatha chomwechi. Mwini wake ndi mayi, amangopitira kuntchito ndi kutchalitchi basi." Anazungulira nayo pang'ono pa tala, mnyamatayo akuyankhula osapuma. Alamu atafunsa za Blue Book anauzidwa kuti ili ndi mwini wake amene wapita ku Joni, abwera mwezi wamawa, pakadali pano atenge fotokope. Atati akaganize kaye, foni ya mnyamatayo inalira, ndipo atatsitsa anati, "Pali bwana wina akuchokera ku Zomba ndi ndalama m'manja, afika 4 koloko. Ine ndimafuna ndithandize inu a kumudzi." Alamu anawerenga ndalama. Analemberana kakalata pa pepala la m'kope, mboni yake mnyamata wotsuka magalimoto.

Tiyime kaye pamenepa, chifukwa zonse zimene zinadzawaliza pambuyo pake zinali poyera tsiku lomwelo.

Mbuzi pamsika timaitsegula kukamwa kuona mano, kuigwira msana, kuiyendetsa kuti tione ngati ikutsimphina, pomwe mtengo wake sufika ngakhale pa matayala anayi. Galimoto nayo ili ndi poigwira. Injini yodwala imaulula matenda ake m'mawa, isanalizidwe. Ikagona usiku wonse, poiliza mumamva ngati ikuvuta kudzuka, ngati muli kugogoda kwa zitsulo, ndipo mumaona utsi woyamba. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Utsi woyera wochuluka, wosaleka ngakhale injini itatentha, ndiye kuti madzi akulowa mosayenera, kawirikawiri gasiketi yapsa. Wogulitsa amene wakubweretserani galimoto yotentha kale wakulandani mwayi woona zonsezi, kaya mwadala kaya ayi. Injini yotsukidwa nayo imabisa pamene oyilo amadontha. Ine ndimakhulupirira injini yafumbi kuposa yonyezimira, chifukwa fumbi limaonetsa pamene panyowa. Wailesi izimitsidwe, wogulitsa akhale chete, ndipo galimoto ichoke pa tala ikalawe msewu wa mabampu ndi chitunda, popeza kumene ikupita kukagwira ntchito si ku Chipembere Highway.

Masabata oyamba zinthu zinayenda. Alamu ankadzuka m'mamawa, madzulo n'kubwera ndi kangachepe, ana a m'mudzi akuthamangira galimoto. Kenaka galasi la chitseko chimodzi linakana kukwera. Nyali za pa dashibodi zinayamba kuphethira zokha. Perefyumu uja atatha munatuluka fungo la chinyontho, losachoka ngakhale atsegule zitseko tsiku lonse. Tsiku lina, atadzaza anthu ndi matumba, injini inawira pa chitunda, nthunzi ili fuu, apaulendo n'kutsika kukakwera kabaza ndalama zawo atabwezeredwa.

Apa ndi pamene anapita kwa amakaniko aja anawakana poyamba. Mkuluyo sanayambe ndi injini. Anasuntha mpando wakutsogolo n'kuona njanji zake zitachita dzimbiri. Anakoka lamba wa mpando mpaka kumapeto, ndipo chakumapetoko kunali mzere wa madzi akuda. Anatukula kapeti, pansi pake panali matope ouma, osalala, a mtundu umene madzi osefukira amasiya. Anamasula mapulagi a mawaya a pansi pa mpando, m'kati mwake muli mobiriwira. Anapukuta m'manja n'kunena kuti, "Madala, galimoto iyi inamira. Sikuti inangodutsa pamadzi ayi, inagonamo."

Kumene inamirira palibe anatiuza, koma Freddy sanagwe ku Phalombe kokha. Mu Blantyre namonso madzi ndi matope zinalowa m'nyumba ndi m'mipanda ya anthu, ndipo galimoto yomira ikaumitsidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa perefyumu, maso a munthu wamba sangaizindikire. Kuipa kwa galimoto yotere n'kwakuti siifa kamodzi. Magalimoto a masiku ano amayendera mawaya ndi kakompyuta, ndipo dzimbiri limadya mawayawo pang'onopang'ono. Lero ndi galasi, mawa ndi pampu ya mafuta, mkuja yangozima pakati pa msewu popanda chifukwa chooneka. Mumakonza ichi, icho chadzuka.

Amakaniko anapitiriza. Anatembenuza kiyi osaliza injini n'kuwauza alamu kuti awerenge nyali zimene zayaka. Pa galimoto yabwino nyali zonse zochenjeza zimayaka nthawi imeneyi, ya injini, ya oyilo, ya batire, ya mabuleki, kenaka n'kuzima injini ikalira. Pa Sienta ya alamu kanyali ka injini sikanayake n'komwe. Wina anali atakachotsa kuti kasaulule. Atatsegula njira ya madzi anapeza kuti themositati inachotsedwa, ndipo fani inalumikizidwa kuti izingozungulira nthawi zonse, zimene amachita anthu pofuna kunyengerera injini imene yayamba kale kuwira. Pansi pa chitsekerero cha oyilo panali phala lotuwa, chizindikiro chakuti madzi ndi oyilo zikusakanikirana. Zonsezi munthu wodziwa amaziona pa ola limodzi, ndi manja ndi tochi.

Za mayi wopita kutchalitchi zija zinatsutsidwa ndi galimoto yomwe. Mita inkaonetsa makilomita osafika 80,000, koma labala wa popondera buleki anali atadyeka mpaka chitsulo kuonekera, chiwongolero chitasalala, mpando wa dalaivala utaphwa pansi pa nsalu yatsopano ija, ndipo zitseko zotsetsereka za m'mbali zinali zitakhwepa ngati za galimoto imene yatsegulidwa kambirimbiri tsiku lililonse. Manambala a pa mita amabwezedwa, ndipo pa magalimoto amakono ndi ntchito ya kanthawi kochepa kwa wodziwa kompyuta. Koma palibe amene amabweza kutha kwa labala. Galimotoyo inali itagwira kale ntchito ya takisi, ntchito yomweyo imene alamu ankaigulira, ndipo inali itatopa nayo. Zaka zake zenizeni zimapezekanso pa kansalu kosokedwa m'munsi mwa lamba wa mpando, pamene opanga amalembapo chaka. Matayala nawo ali ndi manambala anayi m'mbali: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lopakidwa polishi limaoneka latsopano, koma manambalawo sanama.

Mawu akuti "yangofika kumene kuchokera ku Japan" amatigonetsa tulo ambirife, choncho ndi bwino kudziwa chimene amatanthauza. Ku Japan galimoto yatsopano imayesedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama zambiri, n'chifukwa chake anthu kumeneko amagulitsa magalimoto akadali ndi moyo. Ambiri amadutsa m'misika ya okushoni kumene woyesa amalemba pepala losonyeza giredi ya galimoto, makilomita ake ndi malo ophwanyika, ndipo chilembo R chimasonyeza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Ngati wogulitsa akuti anaitanitsa yekha, mufunseni pepalalo pamodzi ndi mapepala a msonkho a MRA. Ikatsika sitima pa Dar es Salaam imayendetsedwa pamsewu ndi nambala za IT, kudutsa Mbeya, kulowa pa Songwe, Karonga, n'kutsika ndi M1, ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuti ifike ku Blantyre, nthawi zambiri m'manja mwa dalaivala waganyu amene akuthamangira kukatenga ina. Yongofika kumene nayonso imafuna kuyesedwa. Nanga imene yatha zaka m'misewu yathu?

Alamu anaganiza zolimba mtima n'kukonza. Tsoka lake, mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo masipeya, amene onse amachokera kunja, anakwera mtengo nthawi yomweyo. Gasiketi inasinthidwa, mutu wa injini unapita ku Limbe kukapalidwa. Isanathe miyezi iwiri giyabokosi inayamba kulira ndi kunjanja ponyamuka. Ma Sienta ambiri a mtundu umenewu ali ndi giyabokosi ya CVT, imene imafuna oyilo wakewake, ndipo ikathiridwa oyilo wamba wa otomatiki kapena kulowa madzi, masiku ake amawerengeka. Munthu wa ku Ndirande galimoto ikamuvuta amayenda wapansi kukafuna sipeya. Wa kwa Nazombe amataya tsiku lathunthu ndi thiransipoti yopita ndi kubwera, ndipo akapeza kuti sipeyayo si yake, mawa abwererenso. Kulakwitsa pogula kumamulipiritsa wa kumudzi kawiri. Ndiye chifukwa chake ndimati tikamayesa kudalirika kwa galimoto tiziyamba ndi mafunso a kwathu: kodi mimba yake italikirana bwanji ndi nthaka pa misewu yathu ya miyala ndi mitsinje yopanda milatho, kodi sipeya yake ipezeka kuti, ndipo ndani pa Chiringa kapena pa Migowi angaikonze. Galimoto ya ku Ulaya yotchipa modabwitsa, kapena ya hybrid imene batire lake latopa, ikhoza kukhala yabwino m'tauni, koma kuno idzakhala pa miyala kudikira katswiri wochokera ku Blantyre.

Chimene chinawamaliza alamu sichinali chitsulo, anali mapepala. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, itatha anapita ku ofesi ya Road Traffic ku Ginnery Corner kuti akayezetse galimoto ndi kusintha umwini. Panja anakumana ndi madobadoba amene analonjeza kuti zonse zitheka lero lomwe, anadya yawo n'kusowa. Atafika pa kauntala yeniyeni anauzidwa zoona: kompyuta ikuonetsa dzina la munthu wina, ndipo umwini susintha popanda mwini wakeyo ndi Blue Book yeniyeni. Fotokope ndi kakalata ka m'kope sizinathandize kanthu. Foni ya mnyamata uja inali itazima kalekale. Atafufuza kudzera kwa mphwawo anapeza kuti mwini galimoto sanapiteko ku Joni. Anali mu Blantyre momwemo, ndipo Blue Book inali m'manja mwa wakatapila amene anamubwereka ndalama galimotoyo ili chikole. Anthu awiri tsopano ankati galimotoyo ndi yawo, ndipo amene anali ndi pepala lamphamvu sanali alamu.

Ku Road Traffic, mwini galimoto ndi amene dzina lake lili m'kaundula wa boma, osati amene wagwira kiyi. Musanatulutse ndalama, gwirani Blue Book yeniyeni m'manja mwanu, muone ngati dzina lili m'menemo likufanana ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsayo. Nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo cha galimoto ifanane ndi ya m'bukumo chilembo ndi chilembo, ndipo ngati pamalopo pakuoneka kuti panapalidwa, kuwotcheredwa kapena kupakidwa utoto watsopano, musafunsenso zambiri, chokanipo. Ife a m'malire tili ndi msampha winanso. Mozambique ili pafupi, ndipo pamabwera magalimoto a nambala zakunja otchipa mokoma, ena olowera njira zachidule osalipira msonkho, ena obedwa ku South Africa. Yosalipira msonkho a MRA akaipeza amailanda, ndipo yobedwa imakusiyani m'manja mwa apolisi kuti mufotokoze mmene munaipezera. Apolisi ali ndi nthambi ya Interpol imene imafufuza ngati galimoto inabedwa kunja. Kufunsa kumeneko musanagule n'kotchipa kuposa kukafunsidwa mutagula.

Mlandu wa alamu unapita kupolisi, ndipo ukuyenda mwa kayendedwe ka milandu yotere. Galimoto ili kuseri kwa nyumba, matayala awiri anagulitsidwa kale. Ngongole ya ku banki m'khonde anabweza ndi achemwali, ndi ndalama za mandasi ndi mpunga wa chaka chotsatira, chifukwa amayi a m'gulumo sadikira kuti apolisi amalize kufufuza. Mwana wawo wamkazi anakhala teremu imodzi osapita kusukulu. Alamu anabwerera ku khasu, ndipo nkhani ya galimoto ikayambika pa bawo amadzuka n'kuchoka.

Ena amati anangochita tsoka. Ine sindivomereza. Tsoka ndi pamene wayesa zonse koma chinthu n'kukugwerabe. Apa munthu anali ndi mphamvu zonse m'manja mwake kufikira mphindi imene anapereka ndalama, ndipo anazitaya chifukwa choopa bwana wa ku Zomba amene mwina kunalibe n'komwe. Changu cha wogulitsa ndicho chizindikiro choyamba, chisanafike cha utsi ndi cha dzimbiri. Mwini galimoto yabwino sakuthamangitsani. Amakulolani kubwera m'mawa, kuikweza pa dzenje la pagalaja kuti muone pansi pake, kuyendetsa maginito m'mbali mwake kuti mudziwe pamene owongola magalimoto anamata phala, ndi kuilumikiza ku kompyuta yoyezera. Amakaniko amene mwapita nawo akhale anu, olipidwa ndi inu, osati obwera ndi wogulitsa kapena mnzake wa mkhalapakati, ngakhale mkhalapakatiyo atakhala mbale wanu, popeza iye amadya pokhapokha malonda atatheka.

Inu amene mukusunga ndalama ya galimoto, patulanipo ya amakaniko, ya malo ogona usiku umodzi ku Limbe kuti mukaione galimotoyo isanalizidwe, ndi ina yokonzera zimene zidzatuluke m'miyezi yoyamba, chifukwa galimoto yakale siilephera kutulutsa kanthu. Ndalama yaikuluyo isatuluke pamalo otsukira magalimoto. Muuzeni wogulitsa kuti mukaperekera ku Road Traffic, mwini wake weniweni ali pomwepo ndi Blue Book, umwini ukusinthidwa. Akayamba kuzemba, kaya akuti mwini ali ku Joni, kaya akuti pali wina akubwera ndi ndalama, musakangane naye. Kwerani minibasi ya ku Phalombe mubwerere kwanu ndi ndalama zanu.